Phiri lili pa windo, ife tikulijambula pa bolodi

Kwa zaka zambiri mutu wa kukokoloka kwa nthaka ndinkauphunzitsa mofanana. Ndinkatenga choko n'kujambula phiri pa bolodi, n'kulemba timizere totsetsereka toimira mvula, kenako mayina a mitundu inayi ya kukokoloka a m'buku, m'Chingerezi momwe alili: splash, sheet, rill, gully. Ana ankabwereza pambuyo panga katatu n'kukopera m'makope. Pa mayeso ambiri ankalemba onse anayi osaphonya, ine n'kumachonga mokondwa. Nthawi yonseyo phiri la Soche linali pa windo la kalasi yathu, ndi mabala ake ofiira omwe madzi amang'amba dzinja lililonse.

Tsiku lina ndinaloza mnyamata wina wokhala kumbuyo.

"Iwe, gully unayamba waiona?"

"Ayi, aphunzitsi."

"Nanga pobwera kuno umadzera kuti?"

"Kuseri kwa chigayo."

"Kuseri kwa chigayoko kuli chiyani?"

"Kuli chigwembe chija chinameza mbuzi ya agogo."

Anzake anaseka, koma ine mtima unandipweteka. Mwanayu chigwembecho amachidumpha kawiri pa tsiku. Amadziwa kuti chaka chatha chinali chopapatiza ndipo chaka chino chayasama, amadziwa mbali imene dothi limagumuka ukapondapo. Zonsezo ankazivula pakhomo la kalasi ngati nsapato zamatope, n'kulowa kudzaloweza mawu omwe kwa iye sankaloza chinthu chilichonse cha padziko pano. Vutolo ndinaliona tsiku lomwelo, koma sindinasinthe kanthu. Chinandidzutsa ndi namondwe wa Freddy.

Amene munali mu Blantyre mu Malichi 2023 simufuna wokukumbutsani zambiri. Mvula inagwa masiku otsatizana osakata, ndipo usiku wa pa 12 kuchera pa 13 matope, miyala ndi mitengo zinatsika m'phiri la Soche kulowa m'nyumba za anthu ku Chilobwe ndi madera oyandikana nako. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anatisiya, oposa 500,000 anasowa pogona. Sukulu zinatsekedwa, makalasi anasanduka misasa, pansi pa bolodi pomwe ndimaimirira panagona mabanja. Paja chaka chomwecho tinali titachedwa kale kutsegulira mu Januwale chifukwa cha kolera. Titabwerera kudzaphunzira, ndinaitana mayina m'rejisitala, ndipo ena sanayankhidwe.

Sabata yoyamba yomweyo mtsikana wina, wofatsa kwambiri, anakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, Napolo uja akadali m'phirimo?" Akuluakulu amati Napolo ndi chinjoka chokhala pansi pa phiri, chikafuna kusamuka chimagumula zonse za m'njira mwake. A ku Zomba amakumbukira wa 1946, a ku Phalombe wa 1991. Sindinafune kunyoza zomwe agogo ake anamuuza, chifukwa m'nkhani imeneyo muli chenjezo lomwe linasunga mibadwo: usamange m'njira ya madzi. Koma chimene mwanayo ankafuna kumva n'chakuti kodi agone tulo kapena ayi mvula ikayambanso. Funso lotere siliyankhika ndi choko. Ankafunika kuona ndi maso ake chimene chimachitika dothi likakhuta madzi pamalo otsetsereka, ndi chimene mizu imachita. Mvula ngati ya Freddy itha kugumula ngakhale phiri la mitengo yake, izo n'zoona, koma phiri lometedwa limagonja msanga.

Ndinapita kwa ahedi kukapempha kuti ndiwatulutse ana. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa zomwe mphunzitsi wamkulu aliyense angafunse. "Madamu, ana 104 muwaolotsa bwanji msewu? Wina akavulala ayankhe ndani? Nanga mapiriyodi otayikawo mudzabweza liti?" Mafunso onsewo anali oona. Tinakhala pansi ndi a komiti ya sukulu, ndipo amayi a Mother Group ndi amene anamasula mfundo. Anati kalasi igawidwe pawiri, theka lipite Lachisanu lino, theka lina Lachisanu linalo, iwo aziyenda kutsogolo, pakati ndi kumbuyo kwa mzere. Kuphiri sitinafune kupitako, mabala anali akadali aawisi ndipo ana ena akanalira. Tinasankha ku Njamba Freedom Park, komwe kuli bwalo lalikulu, udzu ndi mithunzi, ndipo n'kofikika wapansi.

Tinanyamula zinthu zochepa: chingwe, marula, keni yothirira, zigubu ziwiri za madzi ndi mabotolo odula pakati. Pamalo ena otsetsereka pang'ono tinathira malita 5 pa kanjira kopanda udzu, ana n'kutchera madziwo m'munsi ndi botolo. Anafika msanga, ofiira ngati thobwa la mawere. Tinathiranso malita 5 pambali pomwepo, pa udzu. Ana anagwada n'kumadikira ndi botolo lawo. Anadikira ndithu. Tomwe tinafika tinali timadzi tochepa, toyera. Panalibe chifukwa choti ine ndilankhule. Mnyamata wa mbuzi ya agogo uja ndi amene anafuula kuti, "Udzu wamwa!" Mnzake anamutsutsa kuti udzu sumamwa msanga choncho, madzi alowa pansi. Anakangana, anakumba ndi kamtengo kuti aone pomwe chinyontho chafika, ndipo mkangano umenewo unali phunziro la sayansi labwino kuposa onse amene ndinaphunzitsapo.

Chapatali panali bambo wina wachikulire akutchetcha udzu ndi chikwakwa. Anaima n'kumationerera, kenako anabwera kudzapereka moni. Ndinawafunsa ngati angawauzeko ana mayina a mitengo. Anakana poyamba. "Ine mayi, sukulu ndinalekezera Sitandade 4, ndiwauza chiyani ana a masiku ano?" Koma mwana wina atawaonetsa tsamba n'kufunsa kuti, "Agogo, ichi n'chiyani?" anaika chikwakwa pansi, ndipo analankhula pafupifupi ola lathunthu.

Bambowa anagwirapo ntchito ku nazale ya mitengo zaka zambiri. Anawauza ana kuti mitengo yambiri yomwe amaiona m'tauni muno ndi yobwera. Bulugamu kwawo ndi ku Australia, amakula msanga, amapereka milimo ndi nkhuni, koma ndi chidakwa cha madzi, ndiye sadzalidwa pa kasupe. Jakaranda, amene amavundikira misewu ndi maluwa ofiirira mu Seputembala ndi Okutobala, anachokera ku South America. Malaina anachokera ku Asia. Kenako anayamba kutchula ya kwathu, mmodzimmodzi ngati akutchula abale ake: mombo wa luzi, naphini wa mipini ya makasu, mlombwa womwe ukautema umatuluka madzi ofiira ngati magazi, msuku womwe zipatso zake zimadzaza misika kumayambiriro kwa dzinja, mkuyu wokonda m'mbali mwa madzi, msangu womwe umayoyola masamba nthawi ya mvula pamene ina yonse ikuphukira, n'chifukwa chake chimanga chimakondwa pansi pake. Pa mbawa anakhalitsa. Anafotokoza kuti chipatso chake ndi chibalobalo cholimba chomwe chimang'ambika chikauma n'kumwaza njere zopyapyala, kuti njerezo sizichedwa kufa ndiye umafesa zikadali zatsopano, ndiponso kuti mbawa umakonda m'mphepete mwa mtsinje momwe mizu yake imagwira gombe. Ana analemba mpaka mapensulo kutha nsonga. Ine ndemwe ndinalemba, chifukwa theka la zimenezo sindinkazidziwa.

Tikupuma pa mthunzi, mayi mmodzi wa Mother Group analoza bwalo n'kunena kuti iye anaimapo pamenepo ali kamtsikana, mu Meyi 1989, pamene Papa John Paul II anachita Misa pamaso pa chinamtindi cha anthu. Anasimba momwe anadzukira usiku, momwe anthu ochokera kutali anagonera panja. Wina anawonjeza za misonkhano ikuluikulu ya ndale yomwe yachitikira pabwalo lomwelo, n'kufika pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, pamene Amalawi anasankha zipani zambiri. Ana amene ankadziwa malowo ngati pongodutsa popita ku mpira anayamba kuyang'ana pansi pomwe akhala. Tsiku limodzi, osalipira ngakhale tambala, tinaphunzira Agriculture, sayansi, Chichewa ndi mbiri ya dziko.

Ndinabwerako wokondwa, koma pasanathe mwezi ndinaona kuti chisangalalocho chikuzilala. Bambo aja tinangokumana nawo mwamwayi. Tikanapita Lachinayi bwenzi titawaphonya. Gulu lachiwiri silinawapeze, ndipo ulendo wawo unali wosakoma ngati wa anzawo. Apa m'pamene ndinayamba kusiyanitsa ulendo ndi mgwirizano, ndipo nkhani yanga yonse yagona pamenepa.

Maulendo timapanga kale. Pa sukulu ina yomwe ndinaphunzitsapo tinapita ku Michiru, malo otetezedwa kuyambira 1975, komwe a nthambi ya National Parks and Wildlife ali ndi malo ophunzitsirako za chilengedwe. Kunali kokoma. Ana anaona apusi ndi anyani, anamva za afisi okhala m'mapanga, anayenda pansi pa mombo ndi msuku, ndipo wotiperekeza ankadziwa kulira kwa mbalame iliyonse. Koma kuti tikafike tinachita hayala minibasi, mwana aliyense n'kusonkha. Pa kalasi yodutsa 90 anapita 28. Otsalawo anali omwewo amene amabwera osadya m'mawa, omwewo amene amathandiza makolo kugulitsa makala ndi nkhuni, kutanthauza kuti ana amene moyo wawo wamangirizika kwambiri ku nkhalango ndi amene sanaione. Amene anapitawo anabwerako ndi nkhani ya sabata imodzi. Mtengo sungaudziwe pouona kamodzi. Uyenera kuuona uli ndi maluwa, uli ndi zipatso, utayoyola, utaphukiranso. Mtsinje uyenera kuuona mu Okutobala ukuchita kudontha, n'kudzauonanso mu Febuluwale utalusa.

Ndiye chimene ndikupempha ndi chaching'ono kuposa ulendo wa ku Michiru, komanso chachikulu kuuposa. Sukulu iliyonse mu Blantyre ikhale ndi malo ake a chilengedwe ofikika wapansi, odziwika kuti Lachisanu lakutilakuti kumabwera ana a sukulu yakuti, ndipo mbali ziwiri zonse zikhale ndi munthu wodziwika dzina: kuno mphunzitsi, uko wogwira ntchito m'paki, mlangizi wa za nkhalango kapena mlonda wa malowo. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno. Mzinda uno, umene kalembera wa 2018 anapeza kuti uli ndi anthu oposa 800,000, wazunguliridwa ndi Michiru, Ndirande, Soche, Mpingwe ndi Bangwe, ndipo mkati mwake mukudutsa Mudi, Naperi, Nasolo ndi timitsinje tina tosawerengeka. Palibe sukulu imene ili kutali ndi phiri, mtsinje, dambo kapena bwalo la anthu onse. Ndikati paki sindikunena malo a mpanda ndi mabenchi okha. Ngakhale manda athu, m'madera ambiri, ndi okhawo amene asunga mitengo yachilengedwe. Ana sitingawalowetsemo, mwambo sulola ndipo ndi bwino kuti usalole, koma utaima nawo kunja n'kuwafunsa chifukwa chake mitengo yatsala pokhapo, akhoza kuganiza mpaka madzulo.

Anthu oti tigwirizane nawo alipo kale. Khonsolo ya mzinda ili ndi antchito osamala mapaki ndi maluwa a m'misewu. A za nkhalango ali ndi alangizi ndi manazale. Bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi, lomwe linayamba mu 1947, lakhala likuthandiza makalabu a za chilengedwe m'sukulu kwa zaka zambirimbiri, ndipo ambiri a ife mbalame yoyamba kuidziwa dzina tinaidziwira ku wildlife club. Kungoti kalabu imatenga ana 30 okonda kale zimenezi, ikumana ataweruka, ndipo imafa tsiku limene patironi wake wasamutsidwa. Ine ndikufuna kalasi yonse, nthawi ya maphunziro, zolembedwa pa timetable ndi m'sikimu, a PEA, alangizi a maphunziro a pulayimale m'dera, akudziwa. Ku koleji anatiphunzitsa TALULAR, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalo pomwepo, ndipo tonse tinaimvetsa ngati kutola zitsekerero za mabotolo zowerengera masamu ndi kupanga zilembo za makatoni. Zimenezo n'zabwino. Koma chopezeka pamalo chachikulu kuposa zonse ndi malo enieniwo, pamodzi ndi anthu amene amawadziwa.

Ife tinayamba ndi zomwe tikanatha. Kumunsi kwa sukulu yathu kuli kamtsinje, ndipo m'mbali mwake muli malo a anthu onse omwe sanamangidwepo chifukwa amadzaza madzi. Anali kudzala la zinyalala. Kalata yathu yoyamba yopempha chilolezo inakakhala pa tebulo la ofesi ina miyezi iwiri osayankhidwa, mpaka wapampando wa komiti anachita kupita yekha katatu. Amfumu a deralo sanavute. Anaitanitsa msonkhano, n'kuuza anthu kuti kuyambira pa mwala wakuti kufika pa mlatho ndi kalasi ya ana, wotaya zinyalala pamenepo akutayira m'kalasi. Bambo a chikwakwa aja tinawafunafuna mpaka kuwapeza, ndipo anavomera kumabwera kamodzi pa mwezi. Komiti imawapatsa ya minibasi ndi kangachepe. Ndinaumirira pa kangachepeko, chifukwa munthu amene akuphunzitsa ndi mphunzitsi, ndipo nzeru za anthu osauka tazolowera kuzitenga ulere.

Anatiphunzitsa kusakaniza dothi la pamwamba, mchenga ndi manyowa, kuthira m'machubu, kufesa, kumanga kashedi ka udzu, ndi kuchepetsa madzi mbande zikatsala pang'ono kuwokeredwa kuti zizolowere kuvutika. Machubu atatha tinagwiritsa ntchito mapaketi a shuga ndi a mkaka omwe ana anatola mumtsinje momwemo. Potola paja anawerenga majumbo, ndipo m'pamene ndinawauza kuti boma linaletsa mapulasitiki opyapyala osafika mamaikironi 60 kuyambira 2015, ndipo nkhaniyo inali ikuzungulira m'makhoti. Mtsikana wina anafunsa kuti ngati ndi oletsedwa, bwanji amayi ake amapatsidwa jumbo pogula tomato? Ndinamuuza kuti akafunse wogulitsayo mwaulemu, adzatiuze. Anabwera ndi yankho la tsamba lathunthu, ndipo imeneyo inali chimangirizo chake cha sabata imeneyo.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimachiopa pa migwirizano yotere, ndipo ndachiona kangapo. Nyengo yodzala mitengo ikatsegulidwa pa 15 Disembala, ana amatengedwa m'makalasi, kupatsidwa mbande, kuimba nyimbo, kujambulidwa ndi alendo olemekezeka, basi. Pofika pa 15 Epulo pamene nyengoyo imatsekedwa, palibe amene wabwerera kukaona kuti mwa mbande zija zapulumuka zingati ku mbuzi, chiswe ndi udzu, ndipo mu Seputembala moto umamaliza zotsala. Mwana amaphunzirapo kuti kudzala mtengo ndi mwambo wa tsiku limodzi. Kwina ana amasanduka aganyu aulere, kusesa ndi kutchetcha malo omwe akulu alephera kusamala. Ngati paki ikufuna ana athu, iwalandire ngati ophunzira: pakhale chimbudzi chogwira ntchito, madzi akumwa, ndi munthu woyankha mafunso awo. Kusesa kudzabwera kokha akayamba kuwaona malowo ngati awo. Ndaona anyamata anga akukalipira bambo wamkulu amene anamangirira mbuzi pa mbande yawo, mwaulemu koma osabwerera m'mbuyo.

Nkhani ya makala imafuna kuyenda nayo mwa phee. M'kalasi mwanga muli ana amene fizi ya mkulu wawo wa ku sekondale, yunifolomu yawo ndi ndiwo za dzulo zachokera m'thumba la makala. Pafupifupi tonse, ine ndemwe, timaphika pa mbaula. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, magetsi ankathima tsiku lonse, ndipo ngakhale a makuka anathamangira makala. Ndikaima kutsogolo n'kunena kuti owotcha makala ndi adani a chilengedwe, ndatukwana bambo a mwana amene wakhala patsogolo panga, ndipo ndanama, chifukwa wogula ndine. Kunja kuja nkhaniyi imakambika bwino. Tinayeza nkhuni zowiritsira madzi ofanana pa mafuwa atatu ndi pa chitetezo mbaula, ana n'kuona okha kusiyana kwake. Mnyamata wina amene amadziwa kuunjika uvuni wa makala anafotokozera anzake mitengo imene imatulutsa makala olemera ndi imene imangophulika, ndipo bambo aja anamufunsa kuti mtengo wotero umatenga zaka zingati kuti ufike pomwe anaudulapo. Sanamudzudzule. Anangomusiya awerengere yekha.

Phunziro limene linawadabwitsa kwambiri linali la madzi. Ndinafunsa kuti madzi a pa kiyosiki amachokera kuti. Ena anati mu paipi, ena anati ku Water Board. Palibe amene ankadziwa kuti ambiri mwa madzi amene Blantyre amamwa amachokera mu Shire, pa Walker's Ferry, mtunda wa makilomita pafupifupi 40, ndipo amachita kupopedwa ndi magetsi kukwera chitunda kudzera ku Chileka. Dziwe la Mudi, lomwe lili mumzinda momwemuno, limadalira madzi otsika m'phiri la Ndirande, phiri lomwe achikulire amalikumbukira lili bii ndi mitengo lisanametedwe m'zaka za m'ma 1990. Dothi lochoka m'minda ya m'phiri limakathera m'dziwe, monga momwe lochokera kumtunda kwa Shire limakatsekera makina a pa Walker's Ferry ndi opangira magetsi a pa Nkula. Ana anatenga botolo lija la madzi ofiira, lomwe tinalisunga pa windo mpaka matope anadikha pansi, n'kuyeza ndi rula kuti matopewo ndi okhuthala bwanji. Kuchokera pamenepo mpopi ukauma sankanenanso kuti madzi athawa. Ankafunsa ngati ndi magetsi kapena ndi matope.

Mbiri nayo ili ponseponse, kungoti timaidutsa pa minibasi. Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876 m'dera la Mfumu Kapeni, pamalo omwe Henry Henderson anasankha akuyenda ndi Tom Bokwito. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 ndi manja a anthu akuno, motsogozedwa ndi David Clement Scott amene sanaphunzire za zomangamanga. Nyumba ya Mandala ndi ya 1882. Ku Chichiri kuli nyumba yosungirako zinthu zakale. Sukulu zoyandikana ndi malo amenewa zili ndi mwayi womwe ife a kuphiri tilibe, monganso ife tili ndi chigwembe chomwe iwo alibe.

Mnzanga wina wa Sitandade 8 amanditsutsa, ndipo ndimamulemekeza chifukwa ana ake amasankhidwa. Iye amati MANEB sifunsa dzina la mtengo wa kumtsinje kwanu, imafunsa zomwe zili m'buku, ndipo mwana wa m'munsi mwa Soche njira yake yotulukira mu umphawi ndi kukhoza mayeso a Sitandade 8 a PSLCE n'kupita ku sekondale yabwino. Akunena zoona. Chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994 makalasi athu ndi odzaza, mabuku ndi operewera, ndipo nthawi ndi yochepa. Koma sindinachotse kanthu m'silabasi. Masamu a circumference tinawachitira pa thunthu la mtengo: kuzunguliza chingwe, kuyeza pa rula, kugawa ndi 3.14 kuti tipeze kunenepa kwake. Ratio tinaichitira pa mthunzi. Ndodo ya mita imodzi ikaponya mthunzi wa mamita 2, ndipo mtengo waponya wa mamita 18, mtengowo ndi wautali bwanji? Ana amene ankalira ndi masamu amenewa pa bolodi anapeza 9 asanakhale n'komwe pansi. Magirafu tinajambula kuchokera ku mvula yomwe tinkayeza tokha m'mawa uliwonse ndi botolo lodula lomwe tinalimata rula. Ndipo mawu anayi aja, splash, sheet, rill, gully, tsopano aliwonse ali ndi malo ake: pansi pa denga la kalasi pomwe madontho amakumba timaenje, pabwalo la mpira pomwe dothi limasesedwa mosaoneka, m'kanjira ka kumpopi, ndi kuseri kwa chigayo. Chingerezi chimamata bwino chikapeza pomata.

Mtsikana wa Napolo uja ndi amene ndinamupatsa kope la kalasi. Ndi hadikava wamba, koma m'menemo muli mtengo uliwonse umene tinadzala, nambala yake, tsiku lowokera, ndi muyeso wake mwezi ndi mwezi. Tinadzala mbawa 40 m'mbali mwa kamtsinje, nsungwi pa gombe pomwe pamagumuka, ndi mizere iwiri ya udzu wa vetiva yopingasa chitunda. Chilimwe choyamba chitatha mbawa zamoyo zinali 23. Ana analemba chomwe chinapha iliyonse mwa 17 zinazo: mbuzi 6, chiswe 4, moto 5, ndipo 2 zinazulidwa ndi munthu. Chaka chotsatira anamanga timipanda ta minga ndi kulambula udzu mozungulira mwezi wa Juni usanathe, moto usanayambe.

Dzinja lotsatira mvula yamphamvu itagwa usiku, mtsikanayo anafika m'mawa kwambiri, ine ndisanatsegule kalasi. Anali atadzera kumtsinje. Anandiuza kuti kumtunda kwa vetiva kwaunjikana dothi lofika pa mfundo yachiwiri ya chala chake, ndipo m'botolo muli mamilimita 46. Ndinamufunsa ngati anagona. Anati anadzuka kawiri kukasuzumira ngalande ya kuseri kwa nyumba yawo, yomwe iye ndi achimwene ake anaitsegula mvula isanayambe, n'kupeza madzi akudutsa bwinobwino, ndiye anakagonanso.

Kalasi imeneyo inapita patsogolo, ena ali ku sekondale tsopano. Kope lija linatsala, ndipo lili m'manja mwa ana achitatu kulilandira. Mbawa nambala 7, yomwe ili pafupi ndi mlatho, yandipitirira kale msinkhu. Bambo aja miyendo yayamba kuwavuta, mwezi watha sanabwere, koma anatumiza mdzukulu wawo ndi kathumba ka njere za mbawa zomwe anatola okha, ndi uthenga woti tifese sabata yomweyo zisanafe. Tinafesa Lachitatu. Lachisanu likubwerali tikupita kukayeza, ndipo a Sitandade 5 a pa sukulu yoyandikana nafe apempha kuti abwere nawo, akaone malo a kutsidya kwa mlatho omwe amfumu awalonjeza.